Phunziro 9: Riyoko Ikeda ndi Nkhani za Zithunzi za Atsikana

Mawu otsogolera

Mphunzitsi akapeza mtsikana akuwerenga kabuku ka makatuni, kawirikawiri amamulanda n'kumuuza kuti akapeze buku lenileni. Kulandako kungakhale koyenera ngati mwanayo sakumvetsera phunziro, koma mawu akuti "buku lenileni" ndi amene tikufuna kuti muwaganizirenso. Mwana amene watsegula buku mwa kufuna kwake, popanda womukakamiza, wachita kale chinthu chimene ife aphunzitsi a chiyankhulo timachifunafuna chaka chonse.

Nkhaniyi si yaing'ono. Kafukufuku wa PIRLS wa 2021 anapeza kuti ana 81 mwa ana 100 alionse a Giredi 4 ku South Africa sankatha kuwerenga momvetsa. Inu amene mukuphunzitsa ku Malawi, ku Zambia, ku Mozambique ndi ku Zimbabwe mukudziwa kuti vutoli silinathere pa mtsinje wa Limpopo. Choncho chilichonse chimene chimakopa mwana kuti awerenge n'chofunika kuchimvetsa tisanachiweruze.

M'phunziro lino tiona moyo ndi ntchito za Riyoko Ikeda, mayi wa ku Japan amene analemba ndi kujambula nkhani za atsikana. Tamusankha chifukwa ntchito yake ikuyankha funso limene limativuta m'kalasi: kodi atsikana angawerenge nkhani zozama, za mbiri ndi za ndale, ndipo kodi nkhani ya zithunzi ingasenze zinthu zolemera chonchi? Tikatha kumudziwa, tibweretsa zimene taphunzirazo m'kalasi ya Chichewa, pogwiritsa ntchito chitsanzo cha ophunzira a mumzinda wa Durban.

Zolinga za phunziroli

Pomaliza pa phunziroli mudzatha:
1. kufotokoza mwachidule moyo ndi ntchito zikuluzikulu za Riyoko Ikeda;
2. kutchula maluso amene munthu amagwiritsa ntchito powerenga nkhani ya zithunzi;
3. kugwiritsa ntchito tsamba limodzi la nkhani ya zithunzi pophunzitsa alowam'malo, mawu aulemu, mvekero, ndi zoyankhula mwini;
4. kukonza phunziro lanu loyenera msinkhu ndi ziyankhulo za ophunzira anu.

1. Manga ndi owerenga ake

Ku Japan nkhani za zithunzi amazitcha manga. Zimayamba kutuluka pang'onopang'ono m'magazini, sabata iliyonse kapena mwezi uliwonse, ndipo zikakondedwa amazisonkhanitsa m'mabuku. Magaziniwo amawagawa potengera owerenga: alipo a anyamata, a atsikana, ndi a akuluakulu. Nkhani za atsikana amazitcha shojo manga, poti shojo ndi mawu otanthauza mtsikana. Tsamba la manga amaliwerenga kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndipo buku limayambira kumene ife timati ndi kumapeto.

M'zaka za m'ma 1950 nkhani zambiri za atsikana zinkajambulidwa ndi amuna. Yotchuka mwa izo ndi Ribon no Kishi ya Osamu Tezuka, imene inayamba mu 1953, yonena za mwana wamkazi wa mfumu amene ankakhala ngati mnyamata. M'zaka za m'ma 1960 amayi monga Hideko Mizuno ndi Machiko Satonaka anayamba kudziwika, ndipo pofika cha m'ma 1970 kunatuluka gulu la atsikana ojambula amene anasinthiratu ntchitoyi. Ambiri a iwo anabadwa cha m'ma 1949, chaka cha 24 cha ulamuliro wa mfumu Hirohito, n'chifukwa chake amatchedwa Gulu la Chaka cha 24. Mwa iwo muli Moto Hagio, Keiko Takemiya, Yumiko Oshima ndi Ryoko Yamagishi, ndipo Ikeda amatchulidwa kawirikawiri pamodzi nawo.

Chinthu china chimene mphunzitsi wa chiyankhulo ayenera kuchidziwa n'chakuti Chijapani chimalembedwa ndi zilembo zambirimbiri zochokera ku China, zimene mwana amaphunzira kwa zaka zambiri. Pofuna kuti mwana asakakamire, magazini a ana amaika tizilembo tating'ono tosavuta pambali pa chilembo chovuta, tosonyeza katchulidwe kake. Tizilemboti amatitcha furigana. Mlembi sachotsa mawu ovuta. Amangoika makwerero oti mwana akwerepo. Sungani mfundo imeneyi, tibwereranso kwa iyo.

2. Chiyambi cha ntchito ya Ikeda

Riyoko Ikeda anabadwa pa 18 Disembala 1947 mumzinda wa Osaka. Anakaphunzira filosofi ku Tokyo University of Education pa nthawi imene ophunzira a m'mayunivesite a ku Japan ankachita zionetsero zambiri zotsutsa boma ndi akuluakulu a sukulu. Iye analowa nawo m'gulu la achinyamata logwirizana ndi chipani cha chikomyunizimu. Pofuna kudziimira payekha, anayamba kujambula nkhani kuti azipeza ndalama, ndipo yoyamba, Bara Yashiki no Shojo, inatuluka mu 1967. Ntchito itamuchulukira, maphunziro a ku yunivesite sanawamalize.

Ali ku sekondale, Ikeda anawerenga buku la mbiri ya Marie Antoinette lolembedwa ndi Stefan Zweig, mlembi wa ku Austria. Bukulo linamukhala mumtima. Atafika zaka 24 anauza akonzi a magazini ya atsikana ya Margaret, yofalitsidwa ndi kampani ya Shueisha, kuti akufuna kujambula nkhani ya kugwa kwa ufumu wa France. Akonziwo anakayika. Iwo ankaona kuti atsikana sangakonde nkhani ya mbiri yakale, ndipo anamulola pokhapokha atavomera kuti nkhaniyo idzaimitsidwa ngati owerenga sadzaikonda. Ikeda wanenaponso pocheza ndi atolankhani kuti pa nthawiyo amayi ojambula ankalipidwa theka la ndalama zimene amuna ankalandira pa ntchito yofanana.

Nkhaniyo, Berusaiyu no Bara, kutanthauza duwa la rozi la ku Versailles, inatuluka sabata ndi sabata kuyambira mu 1972 mpaka mu 1973. M'Chingerezi imadziwika kuti The Rose of Versailles. Atsikana amene ankaganiziridwa kuti sangaikonde ndi amene anaikweza mpaka kukhala imodzi mwa nkhani zodziwika kwambiri m'mbiri ya manga.

Ntchito 1
Lembani maganizo atatu amene munamvapo kwa aphunzitsi anzanu kapena kwa makolo onena za zimene atsikana "amakonda" kapena "sangathe" kuwerenga. Pa ganizo lililonse, lembani umboni umene mwauona nokha m'kalasi, wovomereza kapena wotsutsa.

3. Tsatanetsatane wa Berusaiyu no Bara

Nkhaniyi ili ndi atengambali enieni a m'mbiri ndi ena opeka. Weniweni woyamba ndi Marie Antoinette, mwana wa mfumukazi Maria Theresa ya ku Austria, amene anabadwa mu 1755. Mu 1770, ali ndi zaka 14, anamutumiza ku France kukakwatiwa ndi mdzukulu wa mfumu, mnyamata wa zaka 15 amene anadzakhala Louis XVI. Ukwatiwu unali pangano la maiko awiri, osati chifuniro cha anawo. Anakhala mfumukazi mu 1774. Winanso weniweni ndi Hans Axel von Fersen wa ku Sweden, amene m'nkhaniyi ndi wokondedwa wa mfumukaziyo.

Wopeka wamkulu ndi Oscar François de Jarjayes. Bambo ake, mkulu wa asilikali, ankafuna mwana wamwamuna woti adzalowe m'malo mwawo, koma kunyumba kwawo kunkangobadwa atsikana. Atabadwa wotsiriza, nayenso wamkazi, anamupatsa dzina lachimuna n'kumulera ngati mnyamata, kumuphunzitsa lupanga ndi kukwera kavalo. Oscar anakula n'kukhala mtsogoleri wa asilikali olondera banja lachifumu. Anthu ankadziwa kuti ndi mkazi, ndipo iyenso sankadzibisa. Pambali pake nthawi zonse panali André Grandier, mdzukulu wa mlezi wake, amene anakulira naye limodzi koma anali wa banja wamba.

Poyamba Ikeda anaika mfumukazi patsogolo, koma owerenga anakonda kwambiri Oscar, ndipo nkhani inayamba kutsamira kwa iye. Kudzera m'maso mwa Oscar, wowerenga amatuluka m'nyumba yachifumu ya Versailles n'kuona njala ya mumzinda wa Paris. Amakumana ndi Rosalie, mtsikana wosauka. Amaona munthu wolemekezeka akuwombera mwana wa amphawi chifukwa choba, popanda womuimba mlandu. Amaona kamtsikana ka zaka 11, Charlotte, kakukakamizidwa ndi mayi ake kukwatiwa ndi bambo wamkulu wolemera, mpaka kudzipha. Amatsatira mlandu weniweni wa mu 1785 wa mkanda wa miyala ya dayamondi, umene unaipitsa mbiri ya mfumukazi ngakhale kuti sanaugule.

Pang'ono ndi pang'ono Oscar akuzindikira kuti ulemu umene ali nawo wamangidwa pa misonkho ya anthu osauka. Akusiya udindo wake wa kunyumba yachifumu n'kukatsogolera asilikali wamba, amene poyamba akukana kulamulidwa ndi mkazi. Anthu atadzuka kuukira ufumu mu 1789, iye akusankha kuima nawo. André akufa pa 13 Julayi, ndipo Oscar akufa tsiku lotsatira, pa 14 Julayi, pomenyera ndende ya Bastille. Nkhani ikutha ndi imfa ya Marie Antoinette, amene anadulidwa mutu pa 16 Okutobala 1793, ndi mathero a Fersen.

Taonani zimene mtsikana wa ku Japan wa mu 1972 ankawerenga sabata iliyonse: ukwati wa ana, kusiyana kwa olemera ndi osauka, ngongole za boma, chilungamo cha m'makhoti, ndiponso funso lakuti munthu angasankhe bwanji pakati pa banja lake ndi chikumbumtima chake. Zonsezi zinabwera pamodzi ndi chikondi, madiresi okongola ndi maluwa. Ikeda sanachepetse nkhani kuti ikwane atsikana. Anaika makwerero, monga furigana uja: mtengambali woti amukonde, zithunzi zoonetsa zimene mawu ovuta akunena, ndi funso losiyidwa m'malere kumapeto kwa gawo lililonse.

4. Zimene zinatsatira

Mu 1974 gulu la zisudzo la Takarazuka, limene mbali zonse, zachimuna ndi zachikazi, zimaseweredwa ndi amayi, linasandutsa nkhaniyi sewero la nyimbo, ndipo lakhala likulibwereza kwa zaka zambiri. Mu 1979 Jacques Demy wa ku France anatulutsa filimu ya Lady Oscar, ndipo kuyambira chaka chomwecho mpaka 1980 pa wailesi ya kanema ku Japan panaonetsedwa makatuni ake a magawo 40, amene pambuyo pake anatchuka ku Italy, ku France ndi m'maiko a Aluya. Mu 2025 kunatulukanso filimu ina ya makatuni ya nkhani yomweyi.

Chokhudza ife mwachindunji ndi ichi: mu 1981 Frederik L. Schodt anamasulira mabuku awiri oyambirira a nkhaniyi m'Chingerezi, ndipo cholinga chake chinali kuthandiza Ajapani ophunzira Chingerezi. Ganizoli ndi losavuta: munthu amene akuidziwa kale nkhani saopa kuiwerenga m'chiyankhulo chachilendo. Nkhani yonse m'Chingerezi inayamba kufalitsidwa ndi kampani ya Udon Entertainment mu 2020.

Ikeda sanaimire pomwepo. Oniisama e ndi nkhani ya nkhanza ndi kaduka pakati pa atsikana a pasukulu ya ana a anthu olemera. Orufeusu no Mado, imene inatuluka kuyambira 1975 mpaka 1981, imayambira pasukulu ya nyimbo ku Regensburg m'dziko la Germany n'kudzadutsa m'nthawi ya kugwa kwa ufumu wa Russia mu 1917. Claudine, ya mu 1978, ndi ya munthu wobadwa ndi thupi lachikazi amene amadzidziwa kuti ndi mwamuna. Anajambulanso mbiri ya mfumukazi Catherine ya ku Russia, ndi ya Napoleon m'nkhani ya Eroica, imene inatenga zaka kuyambira 1986 mpaka 1995.

Mu 1995, ali ndi zaka 47, Ikeda analowa sukulu ya nyimbo ya Tokyo College of Music kukaphunzira kuimba, ndipo anamaliza mu 1999 n'kuyamba kuimba pagulu ndi mawu a sopulano. Inu amene mukuchita maphunziro ano usiku, mutatha kuchonga makope ndi kugoneka ana, mfundo imeneyi ikulimbikitseni. Mu 2009 boma la France linamupatsa mendulo ya Légion d'honneur chifukwa chodziwitsa Ajapani mbiri ndi chikhalidwe cha dzikolo.

5. Zinthu zinayi zimene tsamba limodzi lingaphunzitse

Ojambula a m'badwo wa Ikeda anasintha kamangidwe ka tsamba. Timabokosi ta zithunzi sitinkangondandalikidwa ngati njerwa: kena kankakula, kena kankapendekeka, chithunzi china chinkadutsa malire. Maluwa kumbuyo kwa munthu, kuwala kwa m'maso ndi mdima wa pankhope zinkanena zimene munthuyo akumva. Kuwerenga tsamba lotere kumafuna luso, ndipo luso limeneli n'limene timaphunzitsa pa kumvetsa nkhani.

Choyamba: kulingalira zimene sizinalembedwe. Pakati pa kabokosi kena ndi kanzake pamakhala kampata koyera. M'kabokosi koyamba msilikali wakweza mfuti. M'kachiwiri mayi wagwada akulira. Palibe pamene palembedwa kuti munthu wawomberedwa, koma wowerenga akudziwa. Ophunzira amene amalephera mafunso oti "n'chifukwa chiyani" pa mayeso amachita zimenezi mosavuta akaona zithunzi. Ntchito yanu ndi kuwafunsa kuti, "Wadziwa bwanji?" kuti aone okha njira imene maganizo awo adutsa, kenako muwapatse ndime yopanda zithunzi kuti ayende njira yomweyo.

Chachiwiri: mitundu itatu ya mawu. Pa tsamba la shojo manga pamakhala mawu a wofotokoza nkhani, mawu oyankhulidwa amene ali m'tizibaluni, ndi maganizo a mumtima amene nthawi zambiri amangoyandama pa chithunzi popanda mzere wowazungulira. Apa ndi pabwino pophunzitsira zoyankhula mwini ndi zoyankhula wina. M'kabaluni mulembe kuti, "Sindibwerera kunyumba lero." Wophunzira asandutse: Iye ananena kuti sabwerera kunyumba tsiku limenelo. Aone yekha kuti "si-ndi-" wasanduka "sa-", ndipo "lero" wasanduka "tsiku limenelo".

Chachitatu: alowam'malo ndi mawu aulemu. Chijapani chili ndi mawu angapo otanthauza "ine", monga watashi, atashi, boku ndi ore, ndipo kusankha limodzi mwa iwo kumaonetsa ngati munthu akuyankhula mwaulemu, mwachikazi kapena mwachimuna. Womasulira nkhani ya Oscar m'Chingerezi ayenera kusankha pakati pa he ndi she, ndipo wa Chipwitikizi pakati pa ele ndi ela. Chichewa chilibe vuto limeneli: "iye" ndi wa aliyense, monganso yena m'Chizulu. Bambo a Oscar atati "mwana wanga" m'Chichewa, sanaulule kanthu, pamene m'Chingerezi kawirikawiri angakakamizike kusankha son kapena daughter. Koma Chichewa chili ndi funso lake limene Chingerezi chilibe. André aziti kwa Oscar "iwe" kapena "inu"? Anakulira limodzi, koma wina ndi mwana wa bwana ndipo wina ndi mdzukulu wa wantchito. Yerekezani ziganizo ziwiri izi zimene tapeka kuti tiyeserepo: "Uli kuti kodi? Ndakhala ndikukufuna," ndi "Muli kuti kodi? Ndakhala ndikukufunani." Kodi adzayankhula chimodzimodzi ali awiri ndiponso pamaso pa asilikali? Nanga tsiku limene "inu" adzasanduke "iwe", chidzakhala chitasintha n'chiyani pakati pawo? Mafunso amenewa alibe yankho limodzi, ndipo m'kukangana kwa ophunzira ndi mmene muli phunziro.

Chachinayi: mvekero. Chijapani, monga Chichewa, n'cholemera ndi mawu oonetsa kamvekedwe ndi kaonekedwe ka zinthu, ndipo mu manga amawajambula ndi zilembo zazikulu pa chithunzi penipeni. Kugunda kwa mtima amati dokidoki, ndipo ngakhale bata lili ndi mawu ake, shiin. Womasulira m'Chingerezi amavutika ndi liwu lachiwirili, koma mwana wa Chichewa amangoti zii. Mtima uli phaphapha, misozi ili mbwembwembwe, munthu wangoti kakasi, nsalu yoyera kuti mbee, mdima wa ndiweyani uli bii. Ophunzira ambiri amaganiza kuti mvekero ndi mawu a kumudzi osayenera kulembedwa. Nkhani ya zithunzi imawaonetsa kuti apa chiyankhulo chawo chili ndi chuma chimene Chingerezi chikuperewera.

Ntchito 2
Sankhani chimodzi mwa zinthu zinayizi. Lembani ziganizo zisanu za m'chiyankhulo china chimene ophunzira anu amayankhula, monga Chingerezi, Chipwitikizi, Chizulu, Chishona, Chiyao kapena Chibemba, zimene zingavute kuzimasulira m'Chichewa pa mfundo imeneyo. Fotokozani pamene pali vuto.

6. Kubwera nazo kwathu: chitsanzo cha Durban

Mwina mukufunsa kuti nkhani ya ku France yojambulidwa ku Japan ikukhudza bwanji mwana wa ku Chipata, ku Ulongwe kapena ku Dedza. Tiyeni titenge kalasi imene ziyankhulo zimakumana kwambiri, ya ana a Amalawi okhala ku Durban. Mwana wotere kusukulu amaphunzira m'Chingerezi, pabwalo amasewera m'Chizulu, ndipo Chichewa amachimva kunyumba, kutchalitchi kapena kumzikiti. Amachimva bwino, koma kuchiwerenga ndi kuchilemba kumamuvuta. Popeza Chingerezi chili ndi you mmodzi yekha, ndipo m'Chizulu ulemu umaonekera kwambiri m'mawu oitanira monga baba ndi mama, mwanayu akhoza kunena "iwe" kwa agogo ake pa foni, osadziwa kuti walakwa. Funso la André ndi Oscar ndi funso lake lenileni.

Mwanayu ali ndi mwayi umodzi. M'masukulu a ku South Africa kuwerenga katuni ndi gawo la silabasi ya CAPS, ndipo pa mayeso a chiyankhulo a Giredi 12 pamabwera mafunso a katuni. Luso lowerenga nkhope, kabaluni ndi kukula kwa zilembo ali nalo kale m'Chingerezi. Inu mungolitsegulira khomo lolowera m'Chichewa. Mzinda wa Durban nawo uli ndi mbiri yake ya makatuni. Jock Leyden anajambulira nyuzipepala ya Daily News kwa zaka zambiri. Nanda Soobben, wojambula makatuni a ndale, anatsegula sukulu ya Centre for Fine Art Animation and Design mu 1994. Andy Mason analemba mbiri ya makatuni a dzikolo m'buku la What's So Funny? la mu 2010. Onani kuti onsewa ndi amuna, ndipo ntchito yawo yodziwika kwambiri ndi ya owerenga akuluakulu.

Nkhani ya zithunzi yokonzedwera atsikana a m'chigawo chathu imene ambiri a inu mukuikumbukira ndi ya Sara, imene bungwe la UNICEF linayambitsa m'zaka za m'ma 1990 kum'mawa ndi kummwera kwa Africa. Sara, anzake Amina ndi Juma, ndi kanyani kake Zingo ankakumana ndi mavuto monga kusiyitsidwa sukulu ndi kunyengedwa ndi azibambo. Kuyerekeza Sara ndi Oscar n'kothandiza. Nkhani za Sara zinakonzedwa ndi bungwe kuti zipereke uthenga, ndipo wowerenga amadziwa msanga chimene akuphunzitsidwa. Ya Oscar inalembedwa ndi mtsikana mmodzi amene ankayenera kukopa owerenga sabata iliyonse, apo ayi nkhani yake ikanaimitsidwa. Zonse ziwiri zili ndi malo m'kalasi, koma funsani ophunzira kuti ndi iti imene angabwereke kwa mnzawo, ndipo n'chifukwa chiyani.

Mitu ya nkhani ya Ikeda si yachilendo kwathu. Malawi anakhazikitsa zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja mu lamulo la 2015, ndipo mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kuti agwirizane nalo. Khoti loona za malamulo aakulu ku Zimbabwe linaletsa maukwati a ana mu 2016, Mozambique anapanga lamulo lake mu 2019, ndipo Zambia mu 2023. Ku Dedza, Inkosi Theresa Kachindamoto inadziwika chifukwa chothetsa maukwati otere ndi kubwezera ana kusukulu. M'kalasi yanu mukhoza kukhala mtsikana amene nkhaniyi ikumuopseza panopa. Kwa iye n'kosavuta kuyankhula za mwana wa mfumu wa mu 1770 kusiyana ndi kuyankhula za iye mwini. Kutalika kwa nkhaniyo kumamuteteza, ndipo kumamupatsa mawu.

Chenjezo: Berusaiyu no Bara ili ndi imfa, kudzipha ndi zochitika za chikondi cha akuluakulu. Ndi yoyenera ophunzira a Fomu 3 ndi 4, kapena Giredi 10 kupita m'tsogolo. Werengani nokha tsamba lililonse musanalibweretse, ndipo dziwiranitu kumene mungatumize mwana amene angakuululireni vuto lake. Musachite fotokope buku lonse, chifukwa lili ndi mwini wake. Ngati bukulo mulibe, musadandaule: fotokozani nkhaniyo pakamwa monga mwaiwerengera pano, ndipo zithunzi mujambule nokha.

7. Phunziro lachitsanzo la mphindi 80

Zofunika: choko, bolodi, mapepala opanda mizere, mapensulo.

Mphindi 10 zoyambirira: fotokozani mwachidule za Oscar, bambo ake ndi André. Funsani ophunzira ngati akudziwa banja limene linkafunitsitsa mwana wamwamuna, ndi mayina amene ana a m'mabanja otere amapatsidwa.

Mphindi 15: jambulani pabolodi timabokosi tinayi ta anthu a timitengo, topanda mawu. Koyamba, kholo likuloza mwana. Kachiwiri, mwana wawerama. Kachitatu, mwana ali ndi mnzake panja. Kachinayi, mwana waima pakhomo, kholo lili m'kati. Ophunzira anene zimene zachitika pakati pa timabokosito ndi mmene adziwira.

Mphindi 25: m'magulu a anthu anayi, akopere timabokosito n'kuikamo mawu a mitundu itatu ija, pamodzi ndi mvekero ziwiri. Alole kukambirana m'chiyankhulo chilichonse, koma cholembedwa chikhale Chichewa. Pa kabaluni kalikonse agwirizane ngati akugwiritsa ntchito "iwe" kapena "inu".

Mphindi 20: gulu lililonse liwerenge mokweza. Pamene magulu asiyana pa "iwe" ndi "inu", imani, gulu lililonse liteteze chisankho chake.

Mphindi 10 zomaliza: aliyense payekha asandutse timabaluni tiwiri kukhala zoyankhula wina. Ntchito ya kunyumba ikhale kulemba nkhani yonseyo m'ndime ziwiri zopanda zithunzi.

Pochonga, musapereke malikisi pa kukongola kwa zithunzi. Onani zinthu zitatu: ngati agwirizanitsi akutsatira "iwe" kapena "inu" mpaka kumapeto kwa chiganizo, ngati mvekero ikugwirizana ndi chochitika, ndiponso ngati ndime zopanda zithunzi zanena zimene zinali m'timipata toyera tija. Onetsetsaninso kuti m'magulu osakanikirana pensulo isangokhala m'manja mwa anyamata.

Mafunso odziyesa
1. N'chifukwa chiyani akonzi a Margaret anakayikira nkhani ya Ikeda, ndipo chinachitika n'chiyani?
2. Tchulani atengambali awiri enieni ndi awiri opeka a mu Berusaiyu no Bara.
3. Fotokozani vuto limodzi lomasulira limene Chingerezi chili nalo koma Chichewa chilibe, ndi lina limene Chichewa chili nalo koma Chingerezi chilibe.
4. Kodi furigana ikutiphunzitsa chiyani za kasankhidwe ka mawu m'nkhani zimene timapatsa ophunzira?

Ntchito yotumiza kwa mlangizi wanu

Phunzitsani phunziro lachitsanzoli, mutalisintha kuti ligwirizane ndi kalasi yanu. Lembani lipoti la mawu 600 lofotokoza ziyankhulo za ophunzira anu, zimene munasintha, mfundo imene anakanganapo kwambiri, ndi kusiyana kumene munaona pakati pa nkhani yawo ya zithunzi ndi ndime zawo zopanda zithunzi. Phatikizani ntchito za magulu awiri, mutafufuta mayina a ana. Pomaliza, funsani atsikana atatu a m'kalasi yanu zimene amawerenga pamene palibe wowatuma, kaya m'buku kapena pa foni, ndipo lembani mmene chimodzi mwa zimenezo chingalowere m'phunziro lanu la teremu ikubwerayi.